Che Amidu, Wobzala Njedza

Uthenga unandipeza ku Balaka, pakhonde la sitolo pomwe ndimayala mabuku akale ogulitsa, ntchito imene imandipatsa nthawi yokwanira yowerenga poti ogula sandisokoneza kawirikawiri. Anaimba ndi Abiti Saidi eni ake, akazi a malemu Che Amidu. Mawu awo anali ouma ngati a munthu amene walira kale n'kumaliza. "A Mabuku, anzanu aja atisiya m'mawa uno. Musadzivute kuthamanga, dzuwa likamapendeka tikhala titawaika."

Asilamu sagoneka maliro. Ine woti ndimachedwa ndi misa ya patchalitchi choonekera pakhomo panga, sindikanatha kupeza minibasi ya ku Liwonde, kenako njinga yamoto ya ku Mposa, n'kukapeza jeneza, chonyamulira maliro chawo chija, lisananyamuke. Ndinapita patapita masiku, pa sadaka yokumbukira malemu. Kumeneko anandipatsa mbale ya mpunga, koma mpata wolankhula sanandipatse, ndipo anachita bwino. Zimene ndikananena ndi izi.

Che Amidu ankasunga malo ogonapo alendo m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, kumunsi kwa phiri la Chikala. Musaganize za hotela. Panali mikuyu ikuluikulu yopereka mthunzi, chitsime, chimbudzi chofolera ndi malata, bafa la udzu lokhala ndi ndowa yoboola yopachika m'mwamba, ndi bwato limodzi. Zipinda panalibe chifukwa alendo ankabwera ndi nyumba zawo: ena matenti m'zikwama, ena tenti yopinda padenga la galimoto, ena galimoto yokhala ndi bedi, mbaula ndi makatani m'kati mwake. Awa Che Amidu ankawatcha akamba. Kutsogolo kwa mikuyuyo kunali njedza, udzu wautali wa m'madzi uja amalukira mikeka, zowirira moti munthu woimirira m'bwato sankaoneka. Nyanja yeniyeniyo sunkaiona uli pamtunda. Kuti uione unkakwera bwato n'kutsata kangalande kodutsa m'njedzamo, mbalame zikubuka uku ndi uku.

Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe ngati wokulira m'bwato, chonsecho anakulira ku Chikweo kolima chinangwa ndi thonje. Kofiya sankavula ngakhale pogwira matope. Ku Mposa anabwera kudzakwatira, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani: malo a pagombewo sanali awo. Anali a mbumba ya akazi awo, ndipo woyang'anira mbumbayo anali mlamu wawo, Che Twaibu. Che Twaibu akayang'ana pagombepo ankaonapo mpunga. Ana a alongo awo anali ambiri, okwatiwa kumene, osowa polima. Pangano la alamu awiriwa linali la pakamwa: bola alendo azibwera ndipo mbumba izionapo kanthu, pagombe sipafika khasu, akadzasiya kubwera, mkamwini adzapatuke anthu alime. Zaka zonse zimene ndinawadziwa, Che Amidu ankayenda ndi pangano limeneli ngati munga wothyokera kuphazi. Galimoto ikamveka kumsewu ankatchera khutu ngakhale ali pakati pa chiganizo.

Ine ndinawadziwa ndili kale bambo wa ndevu zanga, masiku omwe ndinkakonza njinga pamsika wa kwathu ku Mposa. Sukulu ndinaisiya isanandidziwe bwino, koma Chingerezi ndinatolera m'manyuzipepala okulungira zitumbuwa. Mbiri inamveka kuti pamsika pali munthu wowerenga, ndiye alendo akabwera ndi mafunso ovuta, Che Amidu ankanditumizira mawu. Vuto linali lakuti mawu anga ambiri ndinali nditangowaona papepala, sindinawamvepo akutuluka m'kamwa mwa munthu. Alendo ankamva manja a Che Amidu msanga kuposa Chingerezi changa, moti nthawi zambiri ndinkamasulira zinthu zomwe agwirizana kale. Komabe pochoka ankandisiyira mabuku omwe amaliza kuwerenga, ndipo dzina loti a Mabuku linachokera pomwepo.

Chikhulupiriro chawo chachikulu chinali chakuti mlendo sasiyidwa yekha. Ankati munthu akakhala chete pakhomo pa eni ndiye kuti akudwala kapena wakhumudwa, ndipo zonse ziwiri ndi mlandu wa mwini khomo. Ndiye akangochoka ku swala ya m'mawa, mapemphero a kumzikiti, ankanyamula kampando kawo n'kukakhala pakhomo pa tenti kudikira kuti alendo adzuke. Zipi ikangotseguka, mzungu ali ndi mswachi m'kamwa, ankakumana ndi moni wathunthu: mwadzuka bwanji, nanga mayi, nanga ana kumudzi, nanga mvula kwanuko. Amene ankavutika nawo kwambiri ndi anthu a mbalame, aja amakoleka magalasi oonera patali m'khosi. Munthu wabisala kuseri kwa njedza, akupuma mobera kudikira kambalame kamodzi, Che Amidu n'kutulukira kumbuyo ndi mawu a pamsika kudzanena kuti tiyi wapsa. Akawaikira chala pakamwa, ankapitiriza nkhani yomweyo monong'ona, osaidula. M'bwato ankapalasa akuimba, poti ulendo wopanda nyimbo ankati ndi wa ku maliro.

Amayi achizungu akatsika m'galimoto atavala makabudula, sankawadzudzula. Anali ndi zitenje zapadera m'basiketi, ndipo ankawapatsa ndi manja awiri n'kundiuza kuti ndiwafotokozere kuti n'zoteteza ku udzudzu. Akuluakulu ena a kumzikiti anawaitanapo kuwafunsa chifukwa chomwe amasungira anthu akumwa mowa pamalo pawo. Akuti anayankha kuti tchimo la mlendo limabwera pa galimoto ya mlendo ndipo limabwerera pa galimoto yomweyo, koma manyazi okana munthu malo ogona amatsala pakhomo mpaka adzukulu. Shehe sanakhutire, koma nkhaniyo inathera pomwepo.

Potsanzikana sankalola galimoto kungonyamuka. Mlendo amaperekezedwa. Ankayenda pambali pa galimoto dzanja lili pazenera mpaka pamphambano, woyendetsa akupondaponda buleki, ndipo pamphambanopo ankatulutsa kathumba ka mpunga, nthawi zina ndi nkhuku yamoyo yomanga miyendo. Banja lina losadya nyama linapita ndi tambala mpaka ku Liwonde chifukwa chosowa mawu okanira. Ine ndinali pomwepo, mawuwo ndinali nawo, koma ndinkafuna kuona mathero ake.

Alendo amene ankawakonda mumtima anali athu omwe: aphunzitsi a ku Ntaja pa holide, makwaya, anyamata a m'maofesi a ku Liwonde obwera ndi zimasipika. Awa ankadya, ankaseka, ankayankha moni mpaka kumapeto. Koma ndi omwenso ankakangana nawo. Ankasiya mabotolo a mowa, omwe Che Amidu ankatola ndi kamtengo kuti asawakhudze ndi dzanja, komanso ankanyoza nyanja. Mphunzitsi wina anavula nsapato n'kulowa m'kangalande kaja, nabwerera matope ali m'maondo.

"Madala, iyi ndi nyanja kapena phala?"

"Phala lomweli ndi limene linkakutumizirani matemba amene munakulira, aphunzitsi."

"Nanga tisambira pati?"

"Kusamba ndi kubafa uko. Kuno timaona."

"Tione chiyani, udzu?"

Funso limeneli linawalowa, chifukwa iwo eni njedza sankazikonda. Ankati ndi nyumba ya udzudzu ndi njoka, ndipo zimabisa nyanja ngati mwamuna wansanje. Kangapo anandifunsa ngati azungu sawaseka mumtima kuti mkuluyu ndi waulesi, walephera kulambula pakhomo. Ndinkawauza kuti iyayi, koma ndani angakhulupirire wokonza njinga pa nkhani ya mtima wa mzungu?

Ulendo womaliza kuwaona ndi moyo, nditasamukira kale ku Balaka, ndinawapeza ali m'matope mpaka m'ntchafu, akubzala njedza. Ndikuti kubzala. Ankakumba mizu yake kutali komwe zinatsalako, kuinyamula pamutu m'thumba, n'kudzaiika m'mizere ngati mbande za mpunga. Chiyambire, palibe munthu wa ku Chilwa amene anabzalapo njedza. Zimamera zokha ndipo anthu amalimbana nazo. Amayi opita kotunga ankaima n'kumakodolana. Asodzi odutsa panjinga ankafunsa mokweza kuti chaka chino Che Amidu akolola matumba angati. Iwo sankadzutsa mutu.

"Mwabwera, a Mabuku. Vulani nsapato."

"Ine ndabwera kudzakuonani, madala, osati kudzalowa nawo misala yanu."

"Misala ndinaichita kale. Uku ndi kupepesa."

"Zikugwira?"

"Zimagwira. Kenako ng'ombe za eni zimadzadya nsonga, kenako osaka mbewa amayatsa moto, kenako madzi amathawa. Ndiye ndimayambiranso."

Ndinavula nsapato. Tinabzala mpaka nthawi ya swala ya masana, ine ndikuika mizu ina chadodolido, iwo akubwera m'mbuyo mwanga kukonza.

Misala imene ankanenayo inachitika zaka zingapo m'mbuyo mwake, m'chilimwe. Panali bambo wina wa ku Blantyre, a Kachingwe, woyendetsa alendo, amene anali atabwerapo kangapo ndi anthu a mbalame awiriawiri. Tsiku lina anauza Che Amidu kuti abwera ndi mayi wina wa kunja amene amakonza maulendo a magulu akuluakulu, pamodzi ndi anzake angapo. Mayiyo akakonda malowo, ndiye kuti chilimwe chilichonse akamba azibwera mondondozana, ndipo nkhani ya khasu la Che Twaibu idzatheratu. Ndinali pomwepo a Kachingwe akukwera galimoto. Anati, "Madala, chonde musavutike ndi chilichonse. Mmene malowa alilimu ali bwino."

Tsono inu mukudziwa. Ndi mlendo uti amene sanena kuti musavutike? Ndipo ndi mwini khomo uti, woleredwa ndi anthu, amene amamva mawu amenewa n'kukhala pansi? Apongozi akati musavutike, umayamba kuthamangitsa nkhuku. Che Amidu anamva mawuwo monga aliyense wa ife akanawamvera: akubwerawa ndi akuluakulu, konzani.

Ine ndinabwerera ku njinga zanga, ndipo za masiku otsatirawo ndinachita kuuzidwa ndi Abiti Saidi. Che Amidu anamema abale ndi anansi, anaphikitsa thobwa, amuna analowa m'njedza ndi zikwanje. Madzi anali atatsika, ntchito inayenda. Anadula kuyambira pamikuyu mpaka pamadzi oyera, kutambalala kwake kuposa bwalo la mpira, ndipo zitauma anaziyatsa. Amene anagwira ntchito mwamphamvu kuposa onse, osapuma ngakhale kukamwa thobwa, anali Che Twaibu. Abiti Saidi akuti anawayang'ana achimwene awowo n'kuzindikira kuti akulambula munda wa mpunga, koma ungawauze chiyani amuna ako pamene kwa nthawi yoyamba mlamu ndi mlamu akuimba nyimbo imodzi? Pamtunda anasesa mpaka dothi linawala, anapaka miyala laimu, anagwetsa zisa zonse zomwe zinkalendewera m'mikuyu kuti zitosi zisagwere matenti. Chomaliza anatuma mawu kwa otchera misampha kuti akufuna mbalame zonona, zamoyo, kuti azizinge okha mwa Chisilamu. Kwathu kuno mlendo wolemekezeka sumupatsa matemba.

Tsiku lake anandiitana. Ndikutsika njinga ndinaona chinthu chomwe sindinachionepo: nyanja ikuoneka uli pansi pa mkuyu. Pakati pa ine ndi madziwo panali phulusa lakuda ndi ziputu, akakowa ochepa akuyendamo ngati anthu ofunafuna katundu nyumba itapsa. Che Amidu anali mu mkanjo woyera watsopano, nkhope ikuwala.

"Mwaiona, a Mabuku? Tsopano aphunzitsi aja abwere adzafunsenso."

Fumbi la galimoto linali litayamba kale kuoneka.

Zinafika mondondozana, amayi a pamudzi n'kuyamba nyimbo. A Kachingwe anatsika koyamba n'kulunjika kugombe osapereka moni, chinthu chimene sanachitepo. Anaima manja ali m'chiuno. Mayi uja anawatsatira, wamtali, wa imvi, magalasi ake ali m'khosi. Anawakweza kumaso, anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, kenako anawatsitsa pang'onopang'ono.

"Madala," anatero a Kachingwe motsitsa mawu, "moto uwu wachokera kuti? Ndi osaka mbewa?"

"Iyayi, bwana. Takonza."

"Mwakonza."

"Tokha, ndi manja. Udzudzu kulibe tsopano, njoka kulibe. Muwauze mayiwa kuti agona ngati ali kwawo."

A Kachingwe anavula chipewa n'kupukuta kumaso. "Ndinati musavutike."

"Aa, bwana, vuto lake liti? Mlendo ndi mlendo."

Anayala mikeka pansi pa mkuyu, madzi osamba m'manja anazungulira. Mpunga unali wa chaka chomwecho, wonunkhira mpaka kumsewu. Kenako Che Amidu eni ake anabweretsa beseni lovundikira, anagwada, n'kuvundukula. Munali atsekwe ndi ankhutuwiri, tinkhuku ta m'madzi tija ta zala zitalizitali, zootcha bwino, zopaka tsabola ndi mandimu, miyendo ili m'mwamba. Mkulu wina wa m'gululo anali ndi buku la mbalame pamwendo, chala chili patsamba lomwe ankafuna kufunsapo. Anayang'ana zala za m'beseni, anayang'ana chithunzi, n'kutseka bukulo.

Mayi uja anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti mbalamezi ndi mtundu wanji. Buku ngati lomwelo ndinali nalo kunyumba, ndipo ndinali nditaliwerenga mpaka chikuto chinachoka. Ndinatchula dzina lake la Chingerezi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga mzungu anandimva kamodzi kokha osandipempha kubwereza. Maphunziro anga onse ankadikira tsiku limenelo.

Mayiyo sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anadya mpunga ndi tomato, anathokoza kwambiri, anajambula amayi oimba aja. Beseni linabwerera kukhitchini lodzaza. Matenti sanatsitse. Dzuwa lisanapendeke a Kachingwe anati alendo aganiza zokagona ku Liwonde chifukwa cha kutentha. Che Amidu anaperekeza monga mwa nthawi zonse, dzanja lili pazenera la a Kachingwe, ine ndikukankha njinga m'mbuyo.

"Bwana, ndiuzeni zoona. Ndiwo zinachepa mchere?"

"Madala, anthu awa mabwalo osesa ali nawo kwawo, oposa athu. Akwera ndege kudzaona tchire lija. Mbalame zija amafuna kuziona zikuuluka."

"Tchire."

"Eya, tchire lomwelo."

"Munthu n'kuchoka kutali konseko kudzaona pamene ine ndalephera kulambula?"

"Ndi momwemo."

"Nanga zikamera, mudzabwera nawonso?"

A Kachingwe anayang'ana kutsogolo. "Tidzaimba foni."

Pamphambano thumba la mpunga analandira. Tinabwerera. Titayandikira mikuyu ndi pomwe Che Amidu anandifunsa, osandiyang'ana, ngati zikanasintha akanawaphera mbuzi. Ndinati mwina mbuzi ikanapepukirako. Anapukusa mutu ngati ndawauza za anthu oyenda chamutu.

Njedza zikanamera. Moto suzipha, mizu imatsala pansi ndipo mvula ikagwa zimaphukanso. Koma mvula itagwa, amene anafika koyamba ndi ana a mbumba, makasu ali paphewa, mbande za mpunga zili pamutu. Mkangano wa tsiku limenelo anthu amaukambabe. Che Amidu anaima pakati pa phulusa lonyowa atatambasula manja.

"Alamu, pangano lathu silinathe. Alendo abwera."

"Abwera liti, alamu? Ine ndinaona galimoto zikutuluka, zolowa sindinazione."

"Dikirani chaka chimodzi udzu ubwerere."

"Ana awa adye udzu? Munda mwalambula nokha, moto mwayatsa nokha, ine ndinangothandiza monga mlamu. Lero ndiwauze kuti dothi lakuda lotereli ligone chifukwa mkamwini akudikira mbalame?"

Sindingathe kuwada Che Twaibu, ngakhale ndayesapo. Mpunga wa chaka chimenecho unabereka mochititsa mantha, ndipo ana amene anaudya anali ndi njala yeniyeni. Koma khasu linatulutsa mizu imene moto unaisiya. Chaka chotsatira mabanja oyandikana nawo anaona kuti n'zotheka, nawonso anayamba kudula mbali zawo. Che Amidu anasiyiridwa kachigawo kakang'ono m'mbali mwa kangalande ka bwato, chifukwa cha ulemu wa akazi awo. Ndi mmene ndinawapeza akubzala muja.

Alendo sanasiyiretu kubwera nthawi imodzi. Ankabwerabe mmodzimmodzi, otsata mbiri yakale, n'kupeza munda wa mpunga ndi anthu oingitsa mbalame ndi zitini. Ena ankagona kamodzi, ena ankangotembenuza galimoto. Aphunzitsi a ku Ntaja anapeza kwina kokhala ndi magetsi ndi zakumwa zozizira. A Kachingwe foni ija sanaimbe, ndipo sindiwadzudzula, nawonso amadya pokhapokha alendo akakondwa. Koma Che Amidu ankayenda wapansi kukatchajitsa foni yawo kumsika ngakhale analibe woti amuimbire. Kenako nyanja nayo inayamba khalidwe lake lija, chaka china kuphwa mpaka anthu kuyenda panjinga pomwe pankadutsa mabwato, chaka china kubwera ndi ukali n'kumiza chimbudzi.

Chimene chinandiwawa kuposa zonse n'chakuti Che Amidu anaphunzira. Anaphunzira kusiya mlendo yekha. Wina akabwera ankamulonjera mwachidule, kumuonetsa chitsime, n'kukakhala patali kuseri kwa bafa, akumuyang'ana monga munthu amayang'anira madzi masana a Ramadani. Nyimbo m'bwato anasiya. Nkhuku pamphambano anasiya. Abiti Saidi akuti masiku oterowo amuna awo sankadya bwino, ankadandaula kuti munthu wagona pakhomo pawo n'kuchoka iwo osadziwa ngakhale ngati mayi ake ali moyo. Anasiya chimene ankachidziwa, ndipo chimene anaphunziracho chinabwera alendo atapita kale.

Pa sadaka ndinakhala pang'ono ndi Abiti Saidi pakhonde. Anati, "Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Ine ndinkawauza anzanuwa kuti mame amafuna udzu pogwera, pa dothi losesa suwaona. Koma ndinawauza mochedwa, moto utazima." Kenako anadzuka kukathandiza amayi otsuka mbale.

Titatha kudya, Che Twaibu anandiitanira pambali. Nawonso akalamba, maso ayamba kuchita nkhungu.

"A Mabuku, inu munali mnzawo. Mikuyu ija tayamba kugwetsa. Mwana wa mlongo wanga waumba njerwa, nkhuni zootchera kulibe, kuphiri mitengo inatha. Ndati ndikuuzeni ndekha, musadzamve kwa anthu."

"Mukundiuza kapena mukundifunsa, Che Twaibu?"

"Ndikukuuzani mwaulemu."

"Akanakhalapo eni ake?"

"Akanakhalapo tikanadikira. Tadikira zaka zonsezi. Anali munthu wabwino mlamu wanga, Mulungu awakhululukire. Koma ankasungira malo anthu oti sakubwera, pamene obwera ali pakhomo ndi ana kumsana."

Ndinawagwira chanza n'kuwasiya.

Ndisanabwerere ku Balaka ndinapita kugombe ndekha. Mkuyu umodzi unali utagwa kale, nthambi atazidula n'kuziunjika, chitsa chikutulukabe utomoni woyera womwe ntchentche zinali zitamatirira. Inayo inali ndi mabala a nkhwangwa osonyeza pomwe adzayambire. Malata a chimbudzi anachotsa, dzenje analikwirira n'kubzalapo nthochi. Bwato lili chafufumimba pamtunda, pansi pake nkhuku ya eni ikufungatira mazira. Ziputu za mpunga zafika mpaka pomwe pankaima matenti. M'mbali mwa kangalande kouma muli timizere ta njedza totuwa, tofika m'maondo, topondedwa ndi ng'ombe. Madzi ali kutali, kamzere kotuwa kumapeto kwa dziko, moti sungadziwe ngati ndi nyanja kapena ndi dzuwa likunyenga maso. Ndinaima kumvetsera, ndipo chimene ndinamva ndi chigayo cha kumsika.

Msewu umene galimoto zinkalowera wina wauunga mizere yopingasa, kuyambira pachitsime mpaka kufika pamphambano, n'kuokamo mbatata. Kholowa wake wagwira bwino. Ndinatuluka ndikuponda m'makwawa mosamala, nsapato zili m'manja, poti ndi chakudya cha anthu.